Kutsuka kokha, kubowetsa buloko, kapena kuing'amba yonse: AG 100 ndi DT 125 pansi pa mtengo wa nimu

Njinga ziwiri zinakhala pabwalo panga pafupifupi mwezi wathunthu. Ina ndi Yamaha AG 100 yomwe malemu bambo anga ankayendera ali mlangizi wa zaulimi mbali ya ku Ngabu. Inayo ndi DT 125 ya alamu anga, yomwe inamira mpaka thanki nthawi ya namondwe Freddy, mu March 2023, kenako n'kungoimikidwa m'khonde. Zonse ndi za two-stroke, zonse zinkakana kuliza, koma matenda ake anali osiyana. Pano ndikufuna ndikuuzeni anzanga amene mukusungabe zinjinga zofuka utsizi kuti njira zitatu zomwe timakanganira pagalaja paja sizipikisana ayi. Iliyonse ili ndi matenda amene imachiza, ndipo ndalama zimatayika pamene mwasankha njira musanayeze wodwala.

Njira yoyamba ndi yotsika mtengo: kuchotsa hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) ndi buloko (momwe pisitoni imayendamo), kupala mwaye, kutsuka kabuleta, kuika maringi atsopano ngati akufunika, basi. Injini ya two-stroke ilibe mavavu a m'hedi, ilibe tcheni cha taimingi. Oilo amapsera limodzi ndi petulo, ndiye mwaye wake umaunjikana pamutu pa pisitoni, m'mizere ya maringi, pabowo lotulukira utsi ndiponso m'paipi ya ekizozi. AG ya bambo inali ndi vuto limeneli basi. Bowo la utsi linali litatsekeka pafupifupi theka, ringi yapamwamba itamatirira mumzere mwake ngati yowotcherera. Madzulo awiri, sipana zingapo, njinga inayamba kulira.

Pa zotsukira pali mkangano wakewake. Ambiri amathamangira petulo chifukwa ali kale m'thanki. Ine ndinasiya. Kuno kukatentha, October kapena November, mpaka kupitirira madigiri 40, petulo wa m'beseni amauluka musanamalize kutsuka, ndipo mpweya wake umayenda chapansipansi mpaka kukapeza mbaula ya amayi kuseri kwa nyumba. Dizilo ndi wabwino ponyika zitsulo zomwe zagwirana, koma amasiya mafuta ambiri, fumbi n'kumadzamatapo. Palafini ali pakatikati: amasungunula girisi, sauluka msanga, sayaka mwaphuma. Koma musanamizidwe, pa atatuwa palibe amene amasungunula mwaye wouma. Umenewo ndi wopala. Pamutu pa pisitoni gwiritsani kamtengo kolimba kapena kachitsulo kofewa, osati sikuludiraiva yomwe imasiya mabala pa aluminiyamu. M'mizere ya maringi, thyolani ringi yakale, chidutswacho ndiye chida chokwana bwino kuposa chilichonse cha m'sitolo.

Paipi ya ekizozi ena amaiwotcha pamoto, ena amainyika mu caustic soda. Kuwotcha ndi kwaulere: mumaisanjika pamakala mpaka mwaye utapsa n'kusanduka phulusa, ikazizira mumaigogoda ndi mtengo. Penti amapita, ndipo paipi yomwe yadyeka kale ndi dzimbiri itha kubooka. Soda uja amafika m'makona, koma amadya aluminiyamu, ndiye hedi, pisitoni ndi kabuleta zisayandikire chidebecho. Amawotchanso khungu ndi maso. Pakhomo pa ana ndi mbuzi, ine ndimasankha moto.

Tsono njira yoyambayi ili ndi malire ake, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri timadzinyenga. Maringi atsopano m'buloko wakutha ali ngati chitseko chatsopano pamphuthu yopindika. Mukachotsa buloko, yendetsani chikhadabo m'kati mwake. Chikakodwa pamizere yotsika kuchokera pamwamba, kapena mukamva kampanda kumtunda komwe maringi amathera, kutsuka sikuthandiza. Tengani ringi yatsopano, muilowetse m'buloko, muikankhe ndi pisitoni kuti ikhale yowongoka, muone mpata pakati pa nsonga zake. Uyenera kukhala kampata kochepa, kosafika theka la milimita pa njinga zazing'onozi. Mukaona mpata woti ndalama yachitsulo ingalowemo, buloko watha. Chizindikiro china mumachimva ndi khutu: kaphokoso ka kwe-kwe-kwe injini ikadali yozizira, pisitoni ikumenya m'mbali.

Apa ndiye pamabwera njira yachiwiri, kukabowetsa buloko ndi kuika pisitoni ya oversize, ndiye kuti yokulirapo. Mabuloko a njinga zakalezi ali ndi chitsulo m'kati chomwe chimalola kubowa kangapo. DT 125 imachoka ku fakitale ndi bowo la mamilimita 56, ndipo mapisitoni okulirapo amakwera ndi 0.25, 0.50, 0.75 mpaka 1.00. Ntchito iyi si yapakhomo. Pamafunika makina, ndiye ndi ulendo wokwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre kapena Limbe, buloko ali m'chikwama. Malangizo anga ndi awiri. Gulani kaye pisitoni, mupite nayo limodzi, kuti wobowayo abowe molingana ndi pisitoni yeniyeniyo, osati nambala ya pakatoni. Ndipo musalumphire ku 1.00 poganiza kuti njinga ikhala yamphamvu. Mphamvu yowonjezerayo simuimva n'komwe, koma mwadya mwayi wonse wa buloko wanu tsiku limodzi. Tengani saizi yaing'ono yomwe ingafafanize mizereyo.

Buloko akabwera kobowetsa, m'mphepete mwa mabowo ake a m'kati mumakhala mwakuthwa. Pafunika kupalako pang'ono ndi kafayilo kapena sandipepa wosalala kuti ringi isakodwe. Mmisiri wina anandibwezera buloko wosachita zimenezi, ine osadziwa, ndipo ringi inathyoka sabata isanathe. Kenako mutsukeni ndi madzi otentha a sopo mpaka kansalu koyera kazituluka koyera, muumitse, mupake oilo nthawi yomweyo.

Za mapisitoni otchipa ndi enieni sindichulukitsa. Enieni a AG ndi DT akusowa ndipo akapezeka mtengo wake umaluma. Otchipa alipo abwino, alipo oti amatupa msanga akatenthedwa. Ngati mthumba mwavuta, pisitoni yapakatikati ingathe, koma timawaya totsekera pini ya pisitoni tikhale tatsopano nthawi zonse, chimodzimodzi kaberingi kakang'ono ka pamwamba pa kondirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kunsi kwa injini. Kawaya kamodzi kakatumphuka, buloko yemwe mwabowetsa dzana uja watha. Pokaika, tsekani pakamwa pa injini ndi nsanza, chifukwa kakagwera pansi mpomwe mudzadziwe kuti tsiku ndi lalitali. Muvi wa pamutu pa pisitoni uloze ku ekizozi, ndipo nsonga za maringi zikumane pa timapini tawo ta m'mizere. Mukakakamiza buloko ringi ili pamwamba pa kapini, imathyoka.

Njira yachitatu ndi yomwe aliyense amaithawa: kung'amba injini pakati. Alamu anga ankaumirira kuti DT yawo ingofuna maringi. Ndinawauza kuti, alamu, njinga yomwe yagona m'madzi a Shire musaiyese ngati yomwe yangotopa. Pa two-stroke, petulo ndi mpweya zimadutsa kaye kunsi, m'chipinda cha kilankishafiti (kilanki, chitsulo chozungulira chomwe pisitoni imayendetsa), zisanakwere kukapsa. Kulibe dziwe la oilo kumeneko ngati pa four-stroke. Maberingi amangodalira kankhungu ka oilo kobwera ndi petulo. Madzi amatope akalowa kudzera mu kabuleta kapena ekizozi, amakakhazikika pomwepo, ndipo masabata ochepa okha dzimbiri limakhala litagwira. Titatsegula tinapeza dothi louma pansi, maberingi akulira ngati mphero pozunguza ndi dzanja.

Mutha kuyeza musanang'ambe. Chotsani chivundikiro chakumanzere, gwirani flywheel (gudumu lolemera la kunsonga kwa kilanki), muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Isasewere ngakhale pang'ono. Buloko ali pambali, kokani kondirodi molunjika m'mwamba ndi kuikankhira pansi: kusewera cham'mbali n'kwachibadwa, koma kwa m'mwamba ndi pansi kukutanthauza kuti beringi wamkulu wapita. Masilo a kilanki, timphira totseka mpweya ndi oilo mbali zonse ziwiri, nawo amalankhula. Ya kumanzere ikatha, injini imakoka mpweya wakuba, imalira yokha mokweza osatsika msanga, imatentha, ndipo mapeto ake ndi kugwira pisitoni. Ya kumbali ya kilatchi ikatha, injini imamwa oilo wa m'giyabokosi, utsi umachuluka modabwitsa, pulagi imanyowa, oilo wa magiya n'kumachepa popanda podontha. Amene ali ndi matenda awa akaika pisitoni yatsopano amangoipereka nsembe.

Kodi n'zotheka pakhomo? Theka lake inde. Pafunika chokokera flywheel chenicheni, chomwe pa Yamaha zimenezi mazinga ake ndi opita kumanzere. Osamenya ndi hamala, mupinda kilanki. Zomangira za m'mbali zimafuna impact driver (sikuludiraiva yozungulira ikagogodedwa), apo ayi mitu yake imatha. Musatsegule mbali ziwiri za injinizo polowetsa sikuludiraiva pamlumikizano, chifukwa bala la pamenepo lidzakhala lodontha mpaka kale. Magiya ajambuleni pafoni musanasunthe kanthu, ndipo timawashala tonse tiikidwe mu ndondomeko pa katoni. Poika maberingi atsopano, chitsulo cha injini chitenthe, beringi azizire. Ife tinapempha malo mu fuliji ya pagolosale, mbali za injini tinaziwotha pambaula patali ndi lawi mpaka dontho la madzi likuthetheka, beringi anangotsetsereka yekha. Koma kilanki yeniyeniyo, ngati ikufuna kondirodi yatsopano, ndi ya makina opanikizira ndi oyezera kuti iwongoke. Imeneyo inakweranso Thabwa.

Mukawerengetsa, njira yachitatu imadya nthawi ndi maulendo kuposa ndalama za masipeya, pakuti maberingi ndi masilo si zodula kwenikweni. Anyamata a kabaza pa Dyeratu ndi pa Nchalo angakuuzeni kuti tayani chikalecho mugule four-stroke ya ku China, yosamwa mafuta, masipeya ali paliponse. Pa bizinesi yonyamula anthu tsiku lonse sakunama, two-stroke imamwadi petulo, kuphatikiza oilo wake. Koma kwa munthu wa kudimba, wodutsa mumchenga ndi m'matope a dambo, AG yopepuka ija yokhala ndi tcheni chotsekeredwa m'bokosi ndi magiya okoka sinapeze mnzake.

Mkangano womaliza ndi umene umandipweteka mutu kwambiri: kusunga pampu yothirira yokha oilo mu injini kapena kuichotsa n'kumasakaniza m'thanki. Yamaha amaitcha Autolube, Suzuki amati CCI. Amakaniko ambiri amaidula ponena kuti ikafa mwakachetechete injini imapsa. Mantha ake ndi omveka. Kusakaniza wekha kumapatsa mtendere wa mumtima: 1 kwa 25 ndi mamililita 40 a oilo pa lita ya petulo, 1 kwa 50 ndi mamililita 20. Koma taganizani za msewu wathu. Mukamatsika Thabwa kuchokera ku Blantyre, mtunda wautali mumayenda mafuta mutatseka, injini ikuzungulira mothamanga chifukwa cha giya. Pa njinga yosakaniza m'thanki, petulo akachepa ndiye kuti oilo wachepanso, pa nthawi yomwe pisitoni ikuthamanga. Pampu imayendetsedwa ndi injini, ndiye imaperekabe kenakake ngakhale dzanja litabwerera. Komanso oilo wa m'thanki amadutsa pa jeti yomweyo ya petulo, motero petulo wolowa amachepako, injini n'kumatentha, chinthu chosafunika m'chigwa muno. Pa Suzuki zambiri nkhani ndi yoopsa kuposa apa, chifukwa pampu imathirira beringi wa kilanki mwachindunji, ndipo mukaichotsa beringiyo amauma.

Ine pampu ndimaisunga. Ndimasintha timapaipi take tikauma, ndimatulutsa mpweya pa kabawuti kake ndikatha kumanga, ndimaona kuti zizindikiro za pa kebulo zikulingana. Thanki yoyamba ndikamanga injini ndimathiramo oilo pang'ono ngati chitetezo mpaka nditaona ndi maso kuti oilo akuyenda m'kapaipi. Ngati pampu inatayika kalekale, sakanizani, koma m'chigubu, ndi muyeso weniweni, osati kungothira m'thanki mongoganizira. Oilo akhale wa 2T, wopangidwira injini za two-stroke, wolembedwa pabotolo chizindikiro cha muyeso wa JASO FB, FC kapena FD. Oilo wa galimoto ndi amene anadzaza mwaye m'bowo la AG ija. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wopangidwa konkuno ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga yoti ikhala miyezi osayenda, khuthulani kabuleta.

Zonsezi n'zachabe ngati fyuluta ya mpweya ili yong'ambika. Fumbi la m'chilimwe la njira za ku Makhanga kapena Chapananga ndi sandipepa weniweni m'buloko. Siponji ija itsukidwe m'palafini, iume, inyowetsedwe ndi oilo n'kufinyidwa, ndipo paipi ya labala yochoka pa fyuluta kupita ku kabuleta isakhale ndi mng'alu.

DT ya alamu inalira Loweruka madzulo, kiki yachinayi. Ndinawauza kuti ailize kanthawi, aizimitse izizire, abwereze kangapo, amangenso manati a hedi, ndipo matanki awiri oyamba ayende okha, m'mawa kusanatenthe, osaikoka mpaka kumapeto. Lolemba ndinakumana nawo pa Bangula dzuwa lili paliwombo, kumbuyo atakweza mayi a kunyumba ndi thumba la mapira.