Sikani ya m'mimba pa kakiliniki kena mtauni mwa Zomba, 7 pa 10

Azimayi anzanga amene cham'mimba chimakugonekani mwezi ndi mwezi, kakiliniki ka pulayiveti komwe ndinakajambulitsa sikani mtauni muno ndikukapatsa 7 pa 10, dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule.

Mamalikisi onsewo ndi a mayi ojambula aja. Kwina amangokupaka jelo wozizira uja pamimba, kuyendetsa kamakina kawo, nkulemba zokhotakhota mubuku la kuchipatala basi uzipita, koma awa anatembenuzira sikirini kwa ine nkundilozera kabwalo kakuda cha kumanzere, amvekere "mayi ichi ndi cyst, kathumba ka madzi pa basiketi la mazira, musayambe kulira". Ine mtima unali utathawa kale, mukudziwa ukangomva zoti chotupa maganizo amathamangira ku khansa. Anafotokoza kuti zambiri zotere zimayamba ndi dzira lomwe limakhwima mwezi uliwonse ndipo zimaphwa zokha pakadutsa miyezi iwiri kapena itatu, ndiye ndidzabwerenso aone ngati chachepa. Koma ululu ukabwera mwadzidzidzi mbali imodzi mpaka kusanza, akuti osadikira tsiku la sikani, thamangirani ku chipatala chachikulu cha Zomba Central ngakhale usiku chifukwa basiketilo limatha kupotokola magazi nkusiya kufikako.

Za endometriosis sanandinamize, anati makina awo sangatsimikize. Matendawa ndi pamene minofu yofanana ndi ya mkati mwa chiberekero yamera kunja kwake, pa mabasiketi kaya m'chiuno, nkumatupa nthawi ya msambo, ndipo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati amagwira mzimayi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka. Sikani imaona bwino akapanga cyst ya magazi akale ija amati chocolate cyst, koma timadontho ting'onoting'ono imatiphonya, ndiye akakuuzani kuti sikani ili bwinobwino sizikutanthauza kuti ululuwo mukunamizira. Ndikanakonda azakhali anga aja amati "ukadzabereka chidzatha" akanakhalapo amve okha.

Tsopano zondinyasa. Amakuuza umwe madzi ambiri chikhodzodzo chidzaze, wamwa, kenako magetsi thii, jenereta akuti wapita kukagula mafuta sanabwere, ife tili pabenchi miyendo yopingasa palibe wofuna kupita kutoileti kuopa kuyambiranso kumwa. Ndiye mtsikana wa pa risepushoni amafunsa mokuwa kuti "mwasamba liti komaliza?" pamaso pa azibambo odzayezetsa malungo, Zomba ndi yaing'ono abale, mawa lake munthu yemweyo mukwera naye minibasi ya ku Chinamwali. Mtsikana yemweyonso amandikakamiza kuti ndilipire zoyeza magazi za CA-125 eti ndidziwiretu za khansa, pomwe ojambula aja anali atandiuza kale kuti nambala imeneyo imakweranso ndi endometriosis, ma fibroid (zotupa za m'chiberekero zomwe si khansa) ngakhale msambo umene, payokha siyikuuza kanthu. Mtengo wa sikaniyo nawo ndi wowawa ndithu, ndipo dokotala wa azimayi sapezeka tsiku lililonse.

China chomwe ambiri pabenchi paja sankadziwa, sikani siyeza khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndi imene ikutha azimayi ambiri kuno ku Malawi. Imeneyo ndi VIA, amapaka viniga pa khomopo nkuona ngati pasanduka poyera, zotsatira tsiku lomwelo ndipo kuchipatala cha boma ndi ulere. Amene ali ndi HIV chiopsezo chawo ndi chochuluka kasanu ndi kamodzi, musamadumphe. Katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansayi, wa atsikana a zaka 9 anayamba dziko lonse mu 2019, koma anayesera kaye kuno ku Zomba ndi ku Rumphi kuyambira 2013, wanga wamkulu anabayitsa kusukulu.

Mukafuna kupitako imbani kaye mufunse tsiku lomwe dokotala wa azimayi amakhalapo, pitani m'mamawa, ndipo madziwo muyambe kumwa mutaona kuti magetsi alipo.