Felemu ya Colnago Master: kodi ikwanira pa misewu ya Chipata?

Mu Chipata njinga si chinthu chachilendo. Kuno n'komwe kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero zonyamula anthu ndi makala zili ponseponse. Koma njinga ya mpikisano ndi mtundu wina, ndipo mwa mafelemu akale achitsulo amene munthu angapeze ogwiritsidwapo kale ntchito, Colnago Master ndiyo yofunika kuiyang'ana kawiri.

Kampani ya Colnago anaiyambitsa Ernesto Colnago mu 1954 ku Cambiago, pafupi ndi Milan ku Italy. Eddy Merckx, katswiri wa mpikisano wa njinga, atapalasa makilomita 49.431 mu ola limodzi ku Mexico City mu 1972, anali pa njinga yopangidwa ndi Colnago. Master inatuluka m'zaka za m'ma 1980. Chimene chimaisiyanitsa ndi mapaipi ake: si obulungira bwinobwino, ali ndi ngalande zoyenda m'litali mwake, cholinga chake felemu isapindike wopalasa akamaponda mwamphamvu. Mapaipiwo amalowa m'zolumikizira zachitsulo n'kumatidwa ndi mkuwa kapena siliva wosungunula.

Pa tala wabwino, monga mbali zina za msewu wopita ku Katete kapena ku Mwami, imayenda mokoma. Imamvera mahandulo msanga, potsetsereka sinjenjemera, ndipo chitsulo chimameza kugwedezeka kumene felemu yotchipa ya aluminiyamu imakufikitsirani m'manja. Felemu yokha imalemera pafupifupi makilogalamu 2, kuposa za kaboni, koma pa mitunda ya kuno chimene chidzakutopetsani ndi magiya. Zambiri zakale zimabwera ndi mano 52 ndi 42 kutsogolo, kumbuyo giya yaikulu ya mano 21 kapena 23. Amenewo ndi magiya a akatswiri. Ikani 50 ndi 34 kutsogolo, kumbuyo mpaka 28, mawondo apume.

Vuto lenileni lili pa zipangizo, ndipo apa m'pomwe mafelemu ambiri abwino amafera m'manja mwa amakaniki a pamsika.

Malo olowa ekiselo ya mapedulo ndi a muyezo wa ku Italy: mamilimita 70 m'lifupi, mazinga a mamilimita 36. Makapu (tizitsulo timene timamangidwa m'mazingamo kuti tigwire ekiselo) ofala m'mashopu ndi a muyezo wa ku England, wa mamilimita 68, ndipo ndi ocheperako pang'ono. Amalowa mokhwepa, makaniki n'kukulungapo kachitini kapena kuwamenya ndi hamala, mazinga n'kuthera pomwepo. Komanso pa muyezo wa ku Italy makapu onse awiri amamangidwa mozungulira kumanja, choncho ya mbali ya tcheni imakonda kumasuka yokha mukupalasa. Imangeni zolimba ndi sipanala yoyenera, ndipo pakani mankhwala ogwiritsa mazinga. Mukamva kugogoda pansi poponda, imani muone kapu imeneyo.

Matayala nawonso amapusitsa. Master imafuna 700C, limu ya mamilimita 622. Tayala la 28 x 1½ la njinga zonyamula katundu ndi la mamilimita 635, ndiye silikhala pa limu imeneyi ngakhale wogulitsa alumbire kuti zonse ndi 28. Mpata pakati pa foloko ndi wochepa: tayala la mamilimita 25 limalowa, la 28 pa mafelemu ambiri akale limakhula. Ichi n'chifukwa chake njingayi si ya m'misewu ya fumbi ya kumidzi. Tayala lopyapyala likagunda mwala kapena m'mphepete mwa dzenje, chubu chimapanikizika pa limu n'kubooka malo awiri oyandikana ngati molumidwa ndi njoka. Popani mpweya wokwanira mabaa 6 mpaka 7 pa geji ya pampu, ndipo mukhale ndi pampu yogwira valavu yopyapyala ya Presta.

Kumbuyo polowa wilo, mafelemu a magiya 6 kapena 7 ali ndi mpata wa mamilimita 126, pamene mawilo a magiya 8 kupita m'tsogolo amafuna 130. Chitsulo chimalola kutanulidwa, mamilimita 2 mbali iliyonse, bola mofanana. Pa kaboni simungayerekeze zimenezi.

Musanapereke ndalama, yendetsani chala pansi pa paipi yotsika kuchokera kutsogolo kupita ku mapedulo, kuseri kwenikweni kwa cholumikizira cha kutsogolo. Mukamva kakhwinya kapena muona penti yosweka mozungulira, njingayo inagundapo chinthu ndi wilo la kutsogolo, isiyeni. Kenako mangani ulusi kuchokera pomangira wilo la kumbuyo, muuzungulitse kutsogolo, ubwerere mbali inayo, muyeze mpata wa ulusi ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Kusiyana kopitirira mamilimita 2 kapena 3 ndiye kuti felemu inapotoka. Masulaninso chitsulo cha chishalo, cha mamilimita 27.2. Cha aluminiyamu chikakhalitsa mopanda girisi chimamatirira m'paipi, ndipo kuchichotsa ndi nkhondo. Zomata zolembedwa Colnago musazikhulupirire, aliyense angathe kumata. Yang'anani ngalande za m'mapaipi ndi chizindikiro cha kampani, kaduwa ka masamba atatu ka pa njuga, chosemedwa m'chitsulo chenichenicho.

Nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madzi amalowa pa chishalo n'kudikha pansi, dzimbiri n'kumadya chamkati. Mukanyowa, zulani chishalo, tembenuzani njinga madzi atuluke, ndipo kamodzi pachaka thirani mafuta opepuka m'mapaipi. Felemu ikang'aluka polumikizira imakonzeka, koma osati ndi makina a magetsi owotcherera mageti. Mapaipi ake safika milimita imodzi kukhuthala, amabooka nthawi yomweyo. Pitani kwa wowotcherera ndi gasi ndi ndodo ya mkuwa.

Amene mumapalasa pa tala ndipo mungathe kuitanitsa makapu, machubu ndi matayala ku Lusaka kapena ku Lilongwe, igulani ikapambana mayeso a chala ndi ulusi. Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa fumbi, ndalamazo gulirani njinga ya matayala onenepa.