Watkins Glen kapena Letchworth: kokaona mathithi ku New York

Amene akufuna kukaona zigwembe ndi mathithi m'chigawo cha New York ku America kawirikawiri amasankha pakati pa mapaki awiri a boma, Watkins Glen ndi Letchworth.

Ku Watkins Glen, pafupi ndi nyanja ya Seneca, munthu amayenda wapansi m'kati mwenimweni mwa chigwembe chopanikizika, akukwera masitepe amiyala opitirira 800 ndi kudutsa mathithi 19 pa mtunda wa makilomita pafupifupi awiri ndi theka. Pa mathithi otchedwa Cavern Cascade njirayo imadzera kuseri kwa madzi akugwa, moti zovala zimanyowa, ndipo kwa ine pamenepa ndiye pagona kukoma kwa ulendowu. Chovuta n'chakuti njirayi imatsekedwa m'nyengo yozizira chifukwa cha madzi oundana, pomwe m'nyengo yotentha anthu amathithikanamo kwambiri.

Letchworth, paki imene inayambira pa malo amene munthu wina wabizinesi, William Pryor Letchworth, anapereka ku boma mu 1906, ndi yotakata. Mtsinje wa Genesee unakumba chigwembe chakuya, ndipo mathithi ake akuluakulu atatu amaoneka kuchokera pamwamba, ena mwa malo oonerapo ali pafupi ndi msewu. Woyenda ndi agogo kapena ana aang'ono ndingamulangize apite kumeneku, koma wa mawondo olimba ayambire ku Watkins Glen.