Mchenga wa mu Bua, silicon carbide kapena aluminium oxide: tithire chiti m'chigubu?

Kuumira kunandidyera mwezi wathunthu. Nditangopeza kamakina kogubuduza miyala m'chigubu kuti isalale n'kuwala kuno ku Mchinji, ndinaona ngati kugula ufa wokhulira n'kutaya ndalama, poti mchenga uli mbwee mu Bua. Ndinausefa bwinobwino n'kuuthira m'chigubu pamodzi ndi tizibenthu ta quartz yapinki tomwe alamu anga anabwera nato kuchokera ku Mzimba. Patatha masabata anayi timiyala tinatuluka toyera ngati totsukidwa ndi sopo, koma nsonga zake zili chilili, zoti n'kudzicheka nazo.

Vuto lake ndi kulimba. Pa muyeso wa Mohs, womwe umayambira 1 kulekeza 10, mchenga wamumtsinje uli pa 7 chifukwa wambiri ndi quartz. Miyala yomwe timaikondayi, kaya quartz, jasper kapena agate wa ku Ngabu, nayonso ili cha pomwepo. Zolimba mofanana sizidyana msanga. Mtsinje umasalazadi miyala, koma uli ndi zaka mazanamazana ndipo sugula mayunitsi a magetsi. Mchenga usungireni magalasi a mabotolo ngati mukufuna aoneke mbuu, basi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa silicon carbide ndi aluminium oxide. Silicon carbide ndi wakuda, wothetheka pa dzuwa, yemwe uja amakhala pa sandipepa wakuda amene owongola magalimoto amakhulira ndi madzi. Amapangidwa m'ng'anjo kuchokera ku mchenga ndi kaboni, njira yomwe Edward Acheson anaitulukira mu 1891, ndipo kulimba kwake kumapitirira 9. Chimene chimandisangalatsa ndi kasweke kake. Kanjere kakaphwanyika, tizidutswa take timakhalanso takuthwa, choncho amadyabe mwala mpaka yense atasanduka phala lotuwa. Aluminium oxide ali pa 9, ndipo ndi mtundu umodzi ndi ruby wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu. Iyeyu njere zake zimabuntha n'kumabulungika. Amachedwa kudya, koma zipsera zomwe amasiya n'zosazama.

Ndiye poyambira, pofunika kugumula nsonga ndi kuchotsa timaenje, silicon carbide alibe mnzake. Ndinayesapo aluminium oxide wa njere zikuluzikulu pa gawo limeneli, ndipo zomwe anachita m'masabata awiri winayu akanazichita asanathe masiku khumi.

Manambala a ufawu asakusokonezeni: nambala ikamakwera, ufa ukunka nusalala. 60/90 ali ngati shuga, 120/220 ali ngati mgaiwa, 500 ali ngati ufa woyera. Pakakhala manambala awiri ndiye kuti njere n'zosakaniza, pomwe wa nambala imodzi, monga 80, ndi wosefedwa mofanana ndipo amakonda kudulirapo. M'chigubu chogubuduka kusiyana kwake sindinakuone, poti pofika tsiku lachitatu njere zonse zimakhala zitaswekasweka kale. Gulani wosakaniza. Okhawo a makina onjenjemera m'malo mogubuduka ndi amene asamathire 60/90, chifukwa ufawo umangokhala pansi n'kumadya chigubu. Iwo ayambire pa 120/220.

Pa 500 ndi pomwe anthu timatsutsana. Onse awiri amapezeka pa nambala imeneyi, ndipo onse amagwira ntchito. Ine ndili mbali ya aluminium oxide. Ndinagawa quartz yomweyo pawiri, n'kuzunguza gulu lililonse sabata imodzi. Yotuluka mu silicon carbide ikauma inkaoneka mbuu ngati khungu losadzola, pomwe inayo inali itayamba kale kung'anipa ukaipendeketsa pa zenera. Popolisha, yachiwiriyi sinandivutitse.

Polishi ndiye pali cerium oxide ndi aluminium oxide wosalala kwambiri. Cerium amawalitsa bwino quartz ndi galasi koma mtengo wake ndi wowawa. Winayo amagwira pa miyala yambiri ndipo thumba sililira. Chenjerani ndi timapaketi tobwera ndi makina totchedwa polishi pomwe mkati muli ufa wa 1200. Ameneyo ndi wokonzekeretsa chabe, mwala sunyezimira naye. Ena amandifunsanso za phala lomwe amakaniko amakhulira mavavu. Muli silicon carbide ndithu, koma kawirikawiri amakhala wosakaniza ndi girizi, ndipo girizi m'chigubu ndi mlandu.

Pogula musatenge mulingo wofanana pa magawo onse anayi (60/90, 120/220, 500 ndi polishi). 60/90 ndi amene amatha, chifukwa gawo loyamba limabwerezedwa kawiri, katatu, mwina kanayi mpaka mwala utabulungika, pomwe enawo n'kamodzikamodzi. Ine ndimathira masipuni aakulu awiri pa theka la kilo ya miyala, chigubu chitadzaza magawo awiri mwa atatu, madzi n'kulekeza mmunsi pang'ono mwa miyala yapamwamba. Sabata ya makinawa ndi maola 168 akuzungulira, osati masiku a pa kalendala. Magetsi akazima ndimalemba maola otayikawo kuseri kwa chitseko ndi choko, ana mpaka amandiseka kuti ndatsegula sukulu.

Kanjere kamodzi ka 60/90 kobisala m'kamng'alu kangathe kukanda miyala yonse pa gawo la polishi. Ndimatsuka mwala umodziumodzi ndi mswachi wakale, chigubu ndi chivindikiro chomwe, ndipo mwala wamng'alu ndimaubweza koyambira. Phala lotuwa lija musalithire mu sinki, limauma gwaa m'mapaipi ngati simenti. Langa ndimakakhuthula m'kadzenje kuseri kwa nkhokwe.