Buku logona nalo muno mu Mzuzu: kwa mavenda, pafoni, m'shopu kapena kulaibulale?

Anzanga a kuntchito ndi a kutchalitchi akhala akundifunsa funso limodzimodzi: mabuku amene ndimawerenga ndisanagone ndimawapeza kuti, poti muno mu Mzuzu mashopu a mabuku ndi owerengeka ndipo ambiri amadzaza ndi mabuku a sukulu? Ndayankha pakamwa kokwanira, ndiye ndati ndilembe. Njira ndi zinayi: mavenda, foni, shopu ndi laibulale. Zonse ndadutsamo, koma ndineneretu kuti sindiziona ndi diso limodzi, chifukwa ina mwa izo inandipweteka ndipo mtima sunaphwe mpaka lero.

Imeneyo ndi ya mavenda. Pa katoni kapena pa chiguduli cha venda pamakhala mitundu iwiri ya mabuku, ndipo wosadziwa kusiyanitsa ndi amene amalira. Mtundu woyamba ndi kaunjika weniweni: buku losindikizidwa bwinobwino kunja, linawerengedwapo ndi munthu wina, mwina dzina lake lili mkati mwa chikuto, masamba ayamba kuchita chikasu. Limenelo ndilibe nalo mlandu. Mtundu wachiwiri ndi buku lakuba, la fotokope, lovekedwa chikuto chonyezimira kuti lioneke latsopano. Wina amatenga buku lenileni n'kulijambula tsamba ndi tsamba, n'kusindikiza pa mapepala otchipa, n'kumata ndi guluu, basi lalowa pamsika.

Chaka chatha nyengo yozizira ndinagula nthano yaitali, buku lonenepa ndithu, kwa mnyamata wina m'tauni. Linali lokutidwa m'pulasitiki. Nditapempha kuti ndilitsegule anati, "Bwana, ndi orijino ameneyu. Tikamatula pepalali ena sagulanso." Mtengo wake sunali wa kaunjika ayi, unangotsika pang'ono poyerekeza ndi wa m'shopu, ndipo kukwera kwa mtengoko n'kumene kunandipatsa chikhulupiriro kuti ndi lenileni. Usiku uliwonse ndinkawerenga mutu umodzi kapena iwiri nditafunda bulangete, anthu a m'nkhaniyo ndinayamba kuwadziwa, ndinkawaganizira ngakhale ndili pa minibasi. Nditafika tsamba 208, lotsatira lake linali 177. Masamba omwe ndinali nditawerenga kale anabwerezedwa mpaka 208 kachiwiri, kenako buku linalumphira pa 241. Masamba 32 kunalibe, ndipo anali pamene nkhani inkakhota. Munthu amene ndinamusiya wamoyo ndinamupeza anthu akubwera kumaliro ake, osadziwa kuti chamupha n'chiyani.

Chiwerengero cha 32 sichinangochitika. Mabuku amasindikizidwa pa mapepala akuluakulu amene amapindidwa kukhala timitolo ta masamba 16 kapena 32, ndipo timitoloto timasanjidwa motsatana tisanamatidwe. Osindikiza enieni amakhala ndi njira yoonera kuti mtolo uliwonse uli pamalo pake. Wakuba alibe nazo ntchito zimenezo. Akaika mtolo umodzi kawiri, vutolo limatha kukhala m'mabuku onse amene wamata tsiku limenelo.

Ndinabwerera nalo. Mnyamata uja anandiyankha kuti, "Katundu akapita sabwerera, bwana. Ifenso timangooda." Ndinamukakamiza kuti amatule lina lomwe linatsala pa katoni, ndipo nalonso linalumpha pamalo omwewo. Chimene anandilonjeza n'choti ndisinthe ndi buku lina koma ndiwonjezere ndalama. Risiti panalibe, woti n'kukadandaulako panalibe. Ndalamayo inandiwawa, koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi mausiku onse aja amene ndinawapereka ku nkhani yoti sindikanatha kuimaliza. Munthu ukaweruka wotopa, ana agona, nthawi yowerenga imakhala yochepa kwambiri, ndipo wogulitsa buku lodukaduka amakubera nthawi imeneyo akudziwa.

Ndiye pali nyengo yathu. Kuno mvula imachedwa kusiya, mwezi wa June ndi July kumachita mawawa ndi nkhungu, ndipo m'nyumba zambiri za ku Chibavi, Masasa kapena Ching'ambo makoma amagwira chinyezi. Pepala lotchipa limamwa chinyezicho n'kuchita makwinya, guluu amasweka pamsana, masamba n'kuyamba kuthothoka ngati nthenga za nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Buku lija lisanathe miyezi ingapo linali litagawikana pawiri, pamene la kaunjika lomwe linali pambali pake, lakale kuposa ana anga, lili bwinobwino.

Tisaiwalenso kuti pa buku lakuba mlembi sapezapo ngakhale tambala. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza eni luso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Ine zinandionongera nthano yongosangalatsa. Kholo limene lagulira mwana wa Fomu 4 buku la mayeso losowa mutu wathunthu limadzazindikira MSCE itayandikira, ndipo limenelo ndiye tsoka lenileni.

Choncho mukaima pa katoni ya venda, musachite manyazi. Tsegulani buku pakati, yendetsani chala m'mphepete mukuyang'ana manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Onani ngati mizere yapendekeka kapena zilembo zafufutika chakumsana. Pakani chala pa inki: ikadetsa chala, likhoza kukhala lakuba. Zithunzi zikangokhala mdima wokhawokha, chimodzimodzi. Venda akakana kumatula pulasitiki, chokanipo.

Za foni sindichulutsa gaga, aliyense ali nayo. Ubwino wake ndi woti Baibulo lonse la Chichewa limakwana m'thumba mwaulere, mabuku akale a Chingerezi amapezeka mwalamulo pa webusaiti ya Project Gutenberg, ndipo tinthano ta ana tilipo pa webusaiti ya African Storybook. Koma ma PDF amene amazungulira m'magulu a WhatsApp ambiri ndi akuba omwewo, kungoti alibe guluu. Ndipo mawu oti "ulere" ali ndi malipiro obisika: bandulo imatha mukutsatira maulalo amene akulonjeza buku koma akukutengerani ku malonda a juga, magetsi akathima mumayamba kusankha pakati pa kuwerenga ndi kusunga batire ya alamu ya m'mawa, ndipo mukangoti mwalowa m'nkhani uthenga wa pagulu la maliro kapena la banki mkhonde walowa. Ine pafoni ndimafufuzirapo vesi kapena tanthauzo la mawu. Kugona nayo ngati buku ndinalephera, maso amawawa ndipo tulo timathawa.

M'shopu vuto ndi limodzi, mtengo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo popeza mabuku ambiri ngakhalenso mapepala osindikizira zimachokera kunja, mitengo inakwera mpaka buku latsopano linasanduka chinthu choganizira kawiri pa malipiro a mwezi. Komabe kumeneko mumapatsidwa risiti, mumatsegula buku momasuka, ndipo likakhala ndi vuto muli ndi pobwerera. Pali mabuku ena amene sindingalole kugula kwina. Baibulo ndi buku la nyimbo zimatsegulidwa usiku uliwonse kwa zaka zambiri, ndiye zimafunika zosokedwa bwino. Buku Lopatulika linatuluka koyamba lathunthu mu 1922, ndipo m'mabanja ambiri mudakali makope amene agogo ankawerenga, chifukwa anapangidwa kuti akhalitse. M'shopu ndi momwenso mungapeze zolembedwa ndi anthu athu. Ambiri sadziwa kuti mzinda uno uli ndi osindikiza akeake, Mzuni Press ndi Luviri Press, amene atulutsa mabuku ambiri a mbiri ya dziko lino, ya mipingo ndi ya chikhalidwe. Pa katoni ya venda zoterezi n'zosowa. Pamenepo pamadzaza mabuku olonjeza chuma ndi nthano za ku America.



Mtima wanga uli kulaibulale, ndipo sindibisa. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo lili ndi nthambi muno mu Mzuzu. Ndalama yolembetsera ndi yochepa kwambiri mukayerekeza ndi mtengo wa buku limodzi latsopano. Chimene ndimakondera njira imeneyi n'choti kulakwitsa posankha sikukudyerani ndalama: buku likakhala losakoma mumabweza n'kutenga lina, ndipo zimenezi zimakupatsani mtima woyesa alembi amene simunawamvepo. Ndi pa mashelefu a laibulale pomwe ndinakumana ndi I Will Try, buku la 1965 la Legson Kayira, mwana wa kuno kumpoto amene anayenda wapansi mpaka ku Khartoum, m'dziko la Sudan, pofunafuna sukulu. Sindikanaligula panthawiyo chifukwa sindinkalidziwa. Mabuku a Chichewa akale, amene m'mashopu amaoneka pokhapokha akakhala pa silabasi, nawonso mwayi wowapeza umakhala kumeneko. Mabuku ambiri a m'malaibulale athu ndi mphatso zochokera kunja, kudzera m'mabungwe monga Book Aid International, choncho musayembekezere kupeza buku limene latuluka mwezi watha. Koma chimene mwatenga ndi buku lenileni, lathunthu, masamba ake onse alimo.

Anthu a mu Mzuzu tinaona ndi maso athu kufunika kwa nyumba ya mabuku mu December 2015, pamene laibulale ya yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) inapsa ndi moto, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Ophunzira anavutika kwa nthawi yaitali, ndipo zina mwa zimene zinali m'menemo, makamaka zolembedwa za dziko lino, sizinali zoti mungakagule kwina. Kuyambira pamenepo ndimakwiya ndikaona munthu akung'amba tsamba m'buku lobwereka kapena kulisunga kunyumba osabweza.

Laibulale siyenera aliyense. Buku lobwereka simulembamo, simupinda ngodya, ndipo lili ndi tsiku lobweza. Kwa ine tsikulo limandithandiza kumaliza zimene ndayamba, koma amene amawerenga masamba awiri okha tulo n'kumugwira adzaona ngati akuthamangitsidwa. Woteroyo apite kwa venda wa kaunjika weniweni. Alipo ena achilungamo, makamaka achikulire amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri, ndipo mudzawadziwa chifukwa amakulolani kukhala pansi n'kuwerenga manambala a masamba onse musanatulutse ndalama.