Brooklyn Nine-Nine: akazi a pa siteshoni iyi abwera kudzagwira ntchito

Sewero la apolisi loseketsali linayamba pa kanema wa ku America wa Fox mu 2013, linasamukira ku NBC litathetsedwa mu 2018, n'kutha mu 2021. Lili ndi masizoni 8, zigawo 153, chilichonse cha mphindi pafupifupi 22. Mukawerengetsa ndi maola ngati 56, choncho amene amaonera pa foni kuno ku Lusaka achepetse kwalite ya chithunzi kapena atsitsiretu zigawo pa Wi-Fi, apo ayi bandulo itha sizoni yoyamba isanafike pakati. Chingelezi chake n'chothamanga, nthabwala zimaponderana, ndiye yatsani mawu olembedwa pansi.

Chimene chimalisiyanitsa ndi anzake ndi akazi atatu a pa siteshoni. Amy Santiago, amene amamusewera Melissa Fumero, ndi wofufuza milandu wokonda mafayilo ndi malamulo, mwana wamkazi yekha pakati pa alongo 7. Rosa Diaz, wa Stephanie Beatriz, ndi wa jekete lachikopa ndi njinga yamoto, salankhula zambiri, ngakhale anzake sadziwa bwino kumene amakhala. Gina Linetti, wa Chelsea Peretti, si wapolisi konse, ndi mlembi wa bwana. Atatuwa salimbirana mwamuna, ndipo akakhala okha amakamba za mlandu, za kukwezedwa, za chimbudzi cha akazi chimene chawonongeka. Zimaoneka zazing'ono, koma onani masewero angati amene mkazi amangolowa kudzabweretsa tiyi kapena kudzalira.

Amy ndiye analembedwa mosamala kuposa onse. Amafuna udindo ndipo sabisa. M'sizoni 5 akhala sajeni, n'kuyamba kuopa kuti apolisi amene akuwayang'anira amuderera akamuona akusirira diresi laukwati. Rosa amukokera m'sitolo, ndipo Amy athamangitsa chigawenga mumsewu atavala diresi lomwelo. Nthabwala ili pa diresi, koma mantha akewo ndi enieni, mkazi aliyense wovala yunifomu angawazindikire. Pomaliza sewero, iye ndi amene akwezedwa, mwamuna wake Jake, wofufuza milandu pa siteshoni yomweyi, n'kusiya ntchito kukalera mwana.

Chigawo chofunika kuchionera ngakhale mulibe nthawi ya zina ndi cha 8 m'sizoni 6, cha mu 2019, chimene Beatriz anachitsogolera yekha. Mkazi wa pa kampani ya zachuma avulaza mnzake wa kuntchito amene anafuna kumugwira mokakamiza. Kampani imulonjeza ndalama zambiri kuti akhale chete. Amy akuti akasume, Rosa akuti alandire ndalamazo chifukwa mlandu wopanda mboni umagwera mwini wake. Olemba sanamupange Rosa kukhala woipa, ndipo apa m'pamene chigawochi chalimba. Umboni upezeka, koma mkaziyo asiyabe ntchito chifukwa anzake ayamba kumusala. Amene anaperekezapo m'bale ku Victim Support Unit akudziwa kuti lamulo, ngakhale lathu la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, silimubwezera munthu malo ake pakati pa anzake.

Zolakwika zilipo, ndipo sizobisika. Gina amamunena Terry, wapolisi wamwamuna wa pa siteshoniyi, za thupi lake kwa masizoni angapo, Terry akuonetsa kuti sakufuna, koma sewero limati tiseke. Zikanakhala kuti ndi mwamuna akuchita zimenezi kwa mkazi, olemba omwewo akanazilemba ngati mlandu. Nthabwala ya Jake yopotoza mawu a Amy kukhala zolaula imatopetsa msanga, ndiponso ndi chifukwa chake si sewero loonera ndi ana pabalaza kapena apongozi ali pomwepo. Milandu ikuluikulu yambiri amaimasulabe ndi Jake, ngakhale timauzidwa kuti Amy ndi Rosa ndi akatswiri. Chodandaulitsa china ndi mkazi wa udindo waukulu, Madeline Wuntch, amene analembedwa ngati mdani basi, ntchito yake kutukwanizana ndi Captain Holt, mkulu wa siteshoniyi. Kwa ife amene tinaona Stella Libongani akukhala mkazi woyamba kutsogolera apolisi a dziko lino mu 2012, bwana wamkazi wa pa TV akanayenera kukhala ndi zambiri kuposa chidani.

Gina achoka koyambirira kwa sizoni 6 ndipo malo ake sanalowepo mkazi wina. Sizoni 8 ndi yolemera, Rosa asiya upolisi chifukwa cha kuphedwa kwa George Floyd ndi wapolisi ku America mu 2020, kuseka kuchepa. Amene akufuna kuona akaziwa ali pachimake ayambire sizoni 3 mpaka 6, zigawo zoyambirira za sizoni 1 zimamupatsa Jake mpata wochuluka kwambiri moti mukhoza kugwa ulesi musanawadziwe bwino.