Mlangizi wa ku Woodlands amene anandikaniza Chizungu

Atate atamwalira, mlongo wanga anandikakamiza kukaonana ndi mayi wina wopereka uphungu wa zamaganizo ku Woodlands, mu Lusaka. Ndapitako kanayi tsopano, ndiye ndikhoza kunenapo.

Tsiku loyamba ndinafotokoza zonse m'Chizungu, poti kuntchito ndicho ndimalankhula tsiku lonse. Matenda, masiku amene tinagona kuchipatala, ulendo wonyamula maliro kupita ku Chipata, ndalama za bokosi. Ndinalongosola mwadongosolo ngati ndikupereka lipoti kwa abwana, maso ali gwa. Mayiwo anandisiya ndimalize, kenako anafunsa, "Bambo, atate anu munkalankhula nawo Chizungu?" Ndinati ayi. "Ndiye tayambaninso, mundiuze m'chinenero chimene munkawaitanira." Nditangoti "Atate anga," pakhosi panatseka. Munthu amene sanalire pamanda analira pampando wa eni ake.

Pambuyo pake anandiuza za Susan Ervin-Tripp, katswiri wa zinenero, amene m'zaka za m'ma 1960 anafunsa amayi a ku Japan okhala ku San Francisco kuti amalize ziganizo zofanana m'zinenero ziwiri. Pa nkhani yosemphana maganizo ndi achibale, mayi wina m'Chijapanizi anati imeneyo ndi nthawi yachisoni chachikulu, koma m'Chizungu anati amachita zimene iye akufuna. Mlangiziyo sakhulupirira kuti muli anthu awiri mwa ine. Akuti chinenero chimabwera ndi malo amene unachiphunzirira. Ndikuvomereza. M'Chizungu ndimatsutsana ndi abwana osaphethira, chifukwa mawu oitanira mwana ndi mkulu ndi amodzi. M'Chinyanja ukangoti "inu," mutu waweramira kale. Mkazi wanga amati ndikamalankhula pafoni ndi amalume, dzanja linalo limapita lokha pachifuwa.

Zodandaula zilipo. K400 pa ola limodzi ndi yowawa, ndipo kawiri konse ndinadikira kupitirira theka la ola. Khoma la chipindacho ndi lopyapyala, ukakhala panja umamva munthu akusisima mkati; ndinazindikira kuti nanenso anthu odikira panja anandimva.

China n'chakuti mayiwo ndi a ku Kasama, ndipo nkhani ikafika pakuya amaterereka n'kulowa Chibemba. Ine Chibemba changa ndi cha makondakitala a minibasi ndi cha ku Soweto Market, chonenerera mitengo ndi kuseka anthu. Sabata yatha atandifunsa za atate m'Chibemba, ndinawayankha ndi nthabwala. Analemba kanthu m'kabuku kawo, osaseka. Lachinayi ndikupitanso.